Disiki ya mu RAID ikafa, musathamangire rebuild

Funso lakuti "disiki imodzi yafa mu seva, ndichite chiyani?" ndaliyankha pafoni ndi pa WhatsApp mpaka ndaona kuti ndi bwino ndingolemba kamodzi, aliyense aziwerenga yekha. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amafunsa atachita kale china chake. Azula disiki n'kuibwezeramo, azimitsa seva n'kuyatsanso kangapo, mwinanso adina batani limene sanalimvetse. Kufa kwa disiki imodzi si kumene kumataya deta, chifukwa RAID, njira yophatikiza madisiki angapo kuti agwire ntchito ngati imodzi, anaipangira zomwezo, kupatula RAID 0. Deta imatayika m'maola otsatirawo, chifukwa cha zimene manja athu amachita mtima uli m'mwamba, bwana ataima pakhomo kufunsa mafayilo.

Zitsanzo zanga zambiri ndi za Linux ndi pulogalamu ya mdadm, imene imayendetsa RAID pa Linux. Ngakhale mabokosi a Synology mkati mwake muli mdadm yomweyo. Pamene maseva a Dell kapena HP okhala ndi khadi la RAID akusiyana, ndinena.

Tiyambe tamvana mawu. Array ndi gulu la madisiki amene kompyuta ikuwaona ngati disiki imodzi. RAID 0 imangogawa deta pa madisiki popanda chitetezo, ndiye imodzi ikafa zonse zapita. RAID 1 imalemba zofanana pa madisiki awiri. RAID 5 imafuna madisiki atatu kapena kuposa, ndipo imapirira kufa kwa imodzi yokha. RAID 6 imafuna anayi, imapirira awiri. RAID 10 ndi madisiki oikidwa awiriawiri ofanana, ndipo imagwa pokhapokha onse awiri a pa peyala imodzi atafa. Parity, imene RAID 5 ndi 6 zimadalira, ndi masamu chabe: mukadziwa kuti manambala atatu akaphatikizidwa akukwana 12, ndipo awiri mwa iwo ndi 3 ndi 5, losowalo ndi 4. Array ikalemba kuti degraded, ndiye kuti disiki yatuluka koma deta ikuwerengekabe kudzera m'masamu amenewa. Zili ngati galimoto imene yaphulitsa tayala panjira: mwaika sipeya, ikuyenda ndithu, koma sipeya ina mulibe. Ikalemba failed, inactive kapena crashed, madisiki otuluka achuluka kuposa mmene ingapiririre. Rebuild ndi ntchito yowerenga madisiki onse otsala n'kulemba zosowazo pa disiki yatsopano.

1. Manja m'thumba kaye

Musazimitse seva, musaiyatsenso, musazule disiki iliyonse. Disiki yokalamba imene yakhala ikuzungulira zaka zingapo osaima imatha kukana kudzuka mukaizimitsa, ndipo pa RAID 5 ya degraded imeneyo ikhala yachiwiri.

Tengani foni mujambule kutsogolo kwa seva, tinyali tonse tikuoneka, ndi uthenga uliwonse umene uli pa sikirini. Uzani anzanu a mu ofesi asiye kaye ntchito zolemba zambiri pa seva, monga kukopera mafayilo akuluakulu. Onani ngati UPS ili bwino ndiponso ngati jenereta ili ndi mafuta.

Mawu awa mukawaona pa sikirini, yankho ndi ayi kufikira mutawerenga mpaka kumapeto: Initialize, Format, Clear, Create, Delete. Windows ikakuuzani kuti disiki ikufunika kufomatidwa kuti muigwiritse ntchito, kanani. Musayendetsenso chkdsk kapena fsck, mapulogalamu okonza dongosolo la mafayilo.

2. Dziwani mtundu wa array ndi mmene ilili

Pa Linux lembani:

`cat /proc/mdstat`

`mdadm --detail /dev/md0`

Pa lamulo loyambalo yang'anani zilembo za kumapeto. `[4/4] [UUUU]` ndiye kuti onse anayi ali moyo. `[4/3] [U_UU]` ndiye kuti yachiwiri yatuluka. Mukaona mipata (`_`) iwiri pa RAID 5, kapena mawu akuti inactive, pitani ku gawo la 8 musanachite china chilichonse.

Pa khadi la Dell PERC gwiritsani ntchito iDRAC (tsamba loyang'anirapo seva ya Dell) kapena perccli, pa makhadi a MegaRAID `storcli /c0 show all`, pa HP Smart Array `ssacli ctrl all show config detail`. Pa Synology tsegulani Storage Manager.

Zonse zimene malamulowa atulutse zisungeni pa fulashi kapena pa laputopu, osati pa array yomweyo. Onjezerani ichi, chimene chidzakupulumutseni zinthu zikavuta kutsogoloku:

`mdadm --examine /dev/sd[a-d]1 > /mnt/fulashi/examine.txt`

3. Backup iyambe, rebuild pambuyo

Ambiri pano amandifunsa kuti, "si bwino kukonza msanga?" Ayi. Rebuild ndi ntchito yolemera kuposa iliyonse imene madisiki anu anagwirapo. Imawerenga sekita iliyonse, kagawo kalikonse ka disiki, kuphatikizapo malo amene sanakhudzidwe kwa zaka. Ngati pali disiki ina yofooka, igwera pomwepo.

Choncho array ikadali kuwerengeka, koperani deta. Musayambe ndi chikwatu choyamba pa mndandanda. Yambani ndi zimene bungwe silingayende popanda izo: database ya maakaunti, malipiro a antchito, zolemba za makasitomala kapena za ophunzira. Zithunzi za misonkhano ndi mavidiyo zibwere pomaliza. Ngati muli ndi backup ya dzulo, musangokhulupirira kuti ilipo. Tsegulani mafayilo angapo muone ngati akutseguka, ndipo onani tsiku lake. Backup zambiri zinasiya kuyenda kalekale popanda wodziwa.

4. Pezani disiki yeniyeni ndi nambala ya serial

Kuzula disiki yolakwika ndi njira yachidule kwambiri yogwetsera array imene inali moyo. Mayina monga sdb ndi sdc si okhazikika. Amatha kusinthana mukayatsanso kompyuta, makamaka disiki ina ikasowa. Komanso sdb sikutanthauza kuti ili pa khomo lachiwiri. Chokhacho chosasintha ndi nambala ya serial.

`lsblk -o NAME,SIZE,MODEL,SERIAL`

Lembani papepala dzina lililonse ndi serial yake. Ngati disiki yakufayo sikuonekanso n'komwe pa mndandanda, lembani za zamoyozo, ndipo yakufa ndi imene serial yake palibe papepala lanu. Pa maseva okhala ndi tinyali, `ledctl locate=/dev/sdb` kapena batani la Blink mu iDRAC limathwanimitsa khomo loyenera. Ngakhale zitero, mukaisolola werengani serial pa chomata chake muyerekeze ndi pepala lanu musanapitirize.

5. Kodi yafadi? Nanga zotsalazo zili bwanji?

Si disiki iliyonse yotuluka mu array imene yafa. Onani zimene kernel inalemba ndi `dmesg -T` kapena `journalctl -k`, kenako funsani disikiyo:

`smartctl -x /dev/sdb`

Mizere yofunika ndi yochepa, ndipo muyang'ane nambala ya kumapeto kwa mzere. Nambala 5 ndi masekita amene anawonongeka n'kusinthidwa. Nambala 197 ndi masekita amene akukanika kuwerengeka panopa. Nambala 198 ndi 187 ndi zolakwika zimene disiki yalephera kuzikonza. Izi zikakhala pamwamba pa 0, makamaka zikamakwera, disiki ikupita. Koma nambala 199 ndi ina: imeneyi ikamakwera pamene zinazo zili 0, vuto nthawi zambiri limakhala chingwe cha SATA kapena polumikizira, osati disiki. Mawu akuti PASSED pamwamba pa lipoti asakunamizeni. Disiki imatha kulemba PASSED ili ndi masekita oipa ambirimbiri.

Palinso vuto lina limene limatulutsa madisiki abwino. Disiki ya kompyuta wamba ikakumana ndi sekita yovuta imalimbana nayo nthawi yaitali, nthawi zina kuposa mphindi imodzi, osayankha. Linux imadikira masekondi 30, kenako imaiyesa yakufa. Madisiki opangidwira RAID amasiya kulimbanako pakatha masekondi pafupifupi 7 n'kulola array kukonza sekitayo ndi parity. Onani ndi `smartctl -l scterc /dev/sda`. Ngati disiki ikulola, `smartctl -l scterc,70,70 /dev/sda` imaika masekondi 7. Ngati sikulola, talikitsani kudikira kwa Linux:

`echo 180 > /sys/block/sda/device/timeout`

Zonse ziwiri zimatha kufufutika mukazimitsa makina, ndiye muzibwereze mukayatsanso. Chitani izi pa madisiki onse rebuild isanayambe.

Tsopano chofunika kwambiri pa gawo lino: yendetsani smartctl pa madisiki otsalawo, osati yakufa yokha. Mukapeza kuti ina mwa zotsala ili ndi nambala 197 pamwamba pa 0 ndipo array yanu ndi RAID 5, rebuild ikafika pa sekita imeneyo ilibe kwina kotenga zosowazo. Malizani backup yonse kaye, ndipo werengani gawo la 8 musanayambe.

Ngati zaoneka kuti chinali chingwe, ndipo array ili ndi bitmap (kaundula wa malo amene asintha), `mdadm /dev/md0 --re-add /dev/sdb1` imabwezera disikiyo n'kulemba zokhazo zimene zinasintha. Koma disiki imene SMART yake, lipoti la smartctl lija, ikuonetsa kuwonongeka musaibwezere. Ituluka ndithu, mwina pa nthawi yoipa kuposa ino.

6. Gulani disiki yoyenera

Kukula kuyenera kufanana kapena kuposa. Musakhulupirire chomata, yerekezani ndi `blockdev --getsize64`. Ikachepa ngakhale pang'ono, array iikana.

Funsani ngati kalembedwe kake ndi CMR kapena SMR, poti yofunika ndi ya CMR. Madisiki a SMR amalemba mizere mosanjikiza, ndipo akapatsidwa ntchito yolemba mosalekeza ngati rebuild amachedwa koopsa, ena mpaka kutulutsidwa mu array. Nkhaniyi inaphulika mu 2020 pamene zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red a 2 TB mpaka 6 TB anali a SMR, ndipo pambuyo pake kampaniyo inasiyanitsa a CMR powatcha WD Red Plus. Wogulitsa akakuuzani kuti disiki ndi disiki basi, tengani nambala ya model muyang'ane pa tsamba la kampani imene inaipanga.

Kuno kwathu disiki ya seva siipezeka pa shelefu tsiku lomwelo, nthawi zambiri imachita kuitanitsidwa kunja, ndipo masiku onse odikirawo array imakhala ya degraded. Pamenepa m'pamene anthu amatola disiki yakale m'kabati. Ngati mulibe kuchitira mwina, iyeseni kaye pa kompyuta ina ndi `smartctl -t long`, ndipo mufufute zizindikiro za array yake yakale ndi `wipefs -a`. Lamulo limenelo liyendetseni pa kompyuta inayo, osati pa seva, kuti musaphonye chilembo n'kufufuta disiki yamoyo.

7. Sinthani, kenako isiyeni igwire ntchito

Pa mdadm, chotsani yakufayo:

`mdadm /dev/md0 --fail /dev/sdb1 --remove /dev/sdb1`

Ngati seva ili ndi makomo a hot-swap, sololani n'kuika yatsopano makina akuyenda. Ngati ndi kompyuta wamba, izimitseni bwinobwino, backup itatha. Yang'ananinso `lsblk` kuti mudziwe dzina limene yatsopanoyo yalandira. Kenako koperani mapatishoni kuchokera ku disiki yamoyo:

`sgdisk --replicate=/dev/sdb /dev/sda`

`sgdisk -G /dev/sdb`

Werengani mzere woyambawo kawiri. Disiki yatsopano, imene ikulandira, ndi imene ili pambuyo pa chizindikiro cha `=`. Yamoyo ili kumapeto. Mukazitembenuza, mulemba tebulo lopanda kanthu pa disiki yabwino. Zikatheka, onjezerani:

`mdadm /dev/md0 --add /dev/sdb1`

Pali njira yabwino kuposa iyi imene ambiri saidziwa. Ngati disiki ikudwala koma sinatuluke mu array, ndipo muli ndi khomo lopanda kanthu, musaichotse. Ikani yatsopanoyo pambali pake, muionjezere ndi `--add`, kenako `mdadm /dev/md0 --replace /dev/sdb1 --with /dev/sde1`. Apa mdadm imakopera kuchokera ku yodwalayo, ndipo pamene yakanika kuwerenga imatenga ku parity. Array sikhala ya degraded nthawi yonseyi.

Pa makhadi a Dell ndi HP, rebuild nthawi zambiri imayamba yokha mukangolowetsa disiki makina akuyenda. Ikapanda kuyamba, ikani disikiyo ngati hot spare, ndiye kuti sipeya imene khadi limatenga lokha. Pa Synology ndi batani la Repair mu Storage Manager.

Werengerani nthawi musanayambe. Disiki ya 4 TB pa liwiro la 150 MB pa sekondi imatenga maola oposa 7, ya 12 TB pafupifupi 22, ndipo apo n'kuti palibe wina akugwiritsa ntchito seva. UPS ya mu ofesi siingafike maola amenewo. Magetsi akazima mwadzidzidzi RAID 5 ili ya degraded, deta ndi parity zimatha kutsala zosagwirizana pamalo pamene zinali kulembedwa, ndipo mukayatsa mudzapeza uthenga wakuti cannot start dirty degraded array. Choncho yambani nthawi imene mukudziwa kuti jenereta ilipo, ndipo wina akhale pafupi woti azimitse seva mwadongosolo UPS isanathe. Mukazimitsa bwino, mdadm imapitiriza pamene inalekezera. M'miyezi yotentha ngati Okutobala onaninso mafani ndi fumbi, poti madisiki onse akhala akugwira ntchito nthawi imodzi osapuma.

Ikatha, ngati makina amadzukira pa array yomweyi, ikani GRUB, pulogalamu yodzutsa Linux, pa disiki yatsopano ndi `grub-install /dev/sdb`, ndipo pa makina a UEFI mukopere patishoni ya EFI. Ambiri amaiwala, n'kudzazindikira tsiku limene disiki inayo yafa seva n'kukana kudzuka.

8. Disiki yachiwiri ikagwa rebuild ili mkati

Apa m'pamene malangizo ambiri amangoti bwezerani kuchokera ku backup, n'kutha. Ngati backup yanu ndi yatsopano ndipo mwaiyesa, chitani zomwezo, ndi njira yotsimikizika. Gawo lino ndi la inu amene mwagwira njakata: rebuild inafika mwina pa 70 peresenti, yaima, mdstat ikuonetsa mipata iwiri, ndipo backup ndi yakale kapena kulibe.

Mvetsani kaye chimene chachitika, chifukwa chikhazika mtima pansi. Kawirikawiri disiki yachiwiriyo sinafe. Yangokumana ndi masekita ochepa osawerengeka, mdadm n'kuitulutsa. Pafupifupi deta yonse ili momwemo. Opanga madisiki wamba amalemba kuti cholakwika chosakonzeka chikhoza kuchitika kamodzi pa ma bit 10^14 owerengedwa, amene ndi pafupifupi 12.5 TB. Madisiki ambiri amachita bwino kuposa pamenepo, koma taonani: RAID 5 ya madisiki anayi a 4 TB imayenera kuwerenga 12 TB yonse popanda cholakwika kuti rebuild ithe. Komanso madisiki a mu array imodzi amagulidwa tsiku limodzi, amatentha limodzi, amakalamba limodzi.

Lamulo la gawo lino ndi limodzi: kuyambira pano palibe cholembedwa pa madisiki enieni.

Choyamba, imitsani array ndi `mdadm --stop /dev/md0`. Ngati makina amadzukira pa array yomweyo, dzutsirani pa fulashi ya Linux, monga SystemRescue kapena Ubuntu.

Chachiwiri, yendetsani `mdadm --examine` pa disiki iliyonse, musunge zotsatira. Yang'anani mizere itatu: Events, Update Time ndi Device Role. Events ndi nambala imene imakwera pa madisiki onse pamodzi array ikamayenda. Disiki ikatuluka, nambala yake imaima pomwepo. Tinene kuti mwapeza sda ndi sdd zili pa 52310, sdc ili pa 52296, ndipo sdb yakale ija ili pa 31004. Nkhani yonse ili pamenepo. Sdb inatuluka kalekale, deta yake ndi yakale, ndipo mukaiphatikiza idzasakaniza zakale ndi zatsopano m'fayilo iliyonse yaikulu. Sdc yatuluka posachedwa, yatsalira pang'ono chabe. Ofunika ndi sda, sdc ndi sdd. Disiki yatsopano imene rebuild yake sinathe isiyeni pambali, ndi yosakwanira.

Chachitatu, koperani disiki yodwalayo yonse ku disiki ina yabwino, yofanana kukula kapena yoposa. Musagwiritse ntchito dd, imene imakakamira pa sekita yoipa. Gwiritsani ntchito GNU ddrescue, imene pa Debian ndi Ubuntu ili mu phukusi la gddrescue:

`ddrescue -f -n /dev/sdc /dev/sdf /mnt/fulashi/sdc.map`

`ddrescue -f -d -r3 /dev/sdc /dev/sdf /mnt/fulashi/sdc.map`

Apa yodwala ndi imene imayamba, yolandira ikutsatira. Ulendo woyamba umatenga zonse zowerengeka mosavuta osataya nthawi pa malo ovuta. Wachiwiri umabwerera ku malo ovutawo n'kuyesa katatu. Fayilo ya map musaisiye. Magetsi akazima pakati, ddrescue imapitiriza pamene inalekezera, ndipo pamapeto fayiloyo ndi imene ikuuzani malo enieni amene akanika. Ngati muli ndi madisiki okwanira, koperaninso sda ndi sdd. Mukatha, chotsani sdc yeniyeniyo m'makina, chifukwa iyo ndi kope lake zili ndi zizindikiro zofanana ndipo mdadm ikhoza kutola yolakwika.

Disiki ikamagogoda, ikamalira ngati ikukanda, kapena ikamazimiririka n'kubweranso, imani. Imeneyo ndi nkhani ya mitu yowerengera mkati mwake, ndipo mphindi iliyonse imene ikuzungulira ikuwononga mbale. Izimitseni, musaitsegule, musaiike mufiriji. Ngati detayo ndi ya mtengo, imeneyi ndi ntchito ya makampani opulumutsa deta amene ali ndi chipinda chopanda fumbi, ndipo muwatumizire madisiki onse mutalemba nambala ya khomo pa iliyonse.

Chachinayi, ikani overlay. Iyi ndi njira yopangitsa kuti chilichonse chimene mdadm ikufuna kulemba chipite m'fayilo yapadera, disiki yeniyeni osakhudzidwa. Mukalakwitsa, mumangotaya fayiloyo n'kuyambanso. Mufunika disiki ina yapadera ya ext4 kapena XFS yosungirapo mafayilowa. Pa disiki iliyonse mwa zitatuzo (sda, kope la sdc, ndi sdd) chitani chonchi:

`truncate -s 50G /mnt/ina/ov-a`

`losetup -f --show /mnt/ina/ov-a`

`blockdev --getsz /dev/sda1`

`dmsetup create ov-a --table "0 NAMBALA snapshot /dev/sda1 /dev/loop0 P 8"`

Pamene palembedwa NAMBALA ikani imene blockdev yakupatsani, ndipo dzina la loop likhale limene losetup yatulutsa. Ikakana ndi kunena kuti disiki ili busy, onani mdstat. Nthawi zambiri Linux imakhala yasonkhanitsa yokha array ina yotchedwa md127, ndipo muiimitse kaye. Ndikudziwa kuti pofika apa munthu umakhala watopa ndipo gawo ili limaoneka ngati lochedwetsa. Musalilumphe. Ndi lokhalo limene limakupatsani mwayi woyesa kachiwiri.

Chachisanu, sonkhanitsani array pa ma overlay, osati pa madisiki:

`mdadm --assemble --force /dev/md0 /dev/mapper/ov-a /dev/mapper/ov-c /dev/mapper/ov-d`

Mawu akuti `--force` pano amangouza mdadm kuti ivomereze disiki imene Events yake yatsalira pang'ono. Ikasonkhanitsa koma osadzutsa, onjezerani `--run`.

Pa intaneti mupeza anthu ambiri akulangiza `mdadm --create --assume-clean`. Musayerekeze pa madisiki enieni. Lamulo la `--create` limafufuta zizindikiro zakale zimene zimanena dongosolo la madisiki, kukula kwa chunk (kagawo kamene kamalembedwa pa disiki imodzi array isanapite ku ina) ndi pamene deta imayambira, n'kulemba zatsopano. Pamene deta imayambira pakhala pakusintha pakati pa mitundu ya mdadm, ndiye ngakhale mutalemba zonse monga mukukumbukira, zikhoza kuphonya. Ndi njira yomaliza, ya munthu amene ali ndi fayilo ya examine ija m'manja, ndipo ichitike pa overlay pokha.

Chachisanu ndi chimodzi, tsegulani mowerenga chabe. Pa ext4, `mount -o ro,noload /dev/md0 /mnt/deta`. Pa XFS, `mount -o ro,norecovery`. Mawu akuti `ro` okha sakwanira, chifukwa makina amayesabe kumaliza zimene zinatsala mu journal. Ngati pali LVM (njira yogawira malo a array m'magawo) pamwamba, monga zimakhalira pa mabokosi ambiri a Synology, yambani ndi `vgchange -ay`. Mukafuna kuona kuwonongeka, `fsck -n` kapena `xfs_repair -n` zimangonena osakonza.

Kuona mayina a zikwatu si umboni woti zayenda. Chunk ya mdadm nthawi zambiri imakhala 512 KB, ndiye fayilo yaing'ono ikhoza kukhala pa disiki imodzi yokha n'kutseguka bwino ngakhale array itasokonekera. Yesani fayilo yaikulu, monga zip ya ma MB mazana angapo kapena vidiyo, imene yadutsa pa madisiki onse. Ikatseguka yonse, koperani deta kupita kwina, zofunika kwambiri poyamba. Kumbukirani kuti malo amene ddrescue inakanika sawonetsanso cholakwika pa kope lija, amangowerengeka ngati kuti ali bwino. Fayilo imodzi kapena ziwiri zikhoza kukhala zowonongeka mwakachetechete, choncho database iyesedwe ndi zida zake musanaibwezere kwa anthu.

Pa khadi la RAID mfundo ndi yomweyi, mayina ndi amene asintha. Tulutsani kaye log ya khadi, mu iDRAC, mu iLO ya HP kapena ndi storcli, kuti mudziwe disiki imene inatuluka poyamba ndi imene inatuluka pomaliza. PERC ikanena kuti yapeza Foreign Configuration, onani Preview musanasankhe. Clear imafufuta zizindikiro za array pa madisikiwo. Import imayesa kuzibwezera, koma si yotetezeka ngati disiki yakale ija ili m'gulumo. Force Online ichitike pa disiki yotuluka pomaliza yokha, ndipo ngati detayo ilibe kwina, koperani madisiki onse ndi ddrescue musanadine chilichonse.

Deta ikatuluka, array yakaleyo musaikhulupirirenso. Pangani yatsopano. Pa madisiki akuluakulu a masiku ano ine sindiikanso RAID 5. Ndimasankha RAID 6 kapena RAID 10, ngakhale zikudya disiki ina.

9. Zotsala musanatseke chitseko cha seva

Rebuild ikatha, yendetsani kuwerenga kwa array yonse:

`echo check > /sys/block/md0/md/sync_action`

Ntchito imeneyi, imene ena amaitcha scrub, ndi imene imapeza masekita oipa parity ikadalipo yowakonzera. Iziyenda mwezi uliwonse. Debian ndi Ubuntu zimabwera ndi ndandanda yake, koma tsimikizani kuti ikuyendadi. Pa Synology ndi Data Scrubbing, pa PERC ndi Patrol Read ndi Consistency Check.

Maseva ambiri amene amafika pa gawo la 8 anakhala a degraded kwa miyezi popanda wodziwa, chifukwa seva ili m'kachipinda kokhoma ndipo uthenga umapita ku imelo ya munthu amene anasiya ntchito. Ikani imelo yamoyo pa mzere wa MAILADDR mu `/etc/mdadm/mdadm.conf`, kenako yesani ndi `mdadm --monitor --scan --test --oneshot`. Uthengawo ukapanda kufika pafoni yanu, ntchito sinathe. Pa makhadi a RAID onaninso batire la cache. Likafa, makhadi ambiri amasiya kusunga zolemba mu cache ndipo seva imayamba kuchedwa, ndiye anthu ena amakakamiza write-back, kusunga zolemba mu cache kuja, popanda batire kuti ifulumire. Kumene magetsi amazimazima, kuteroko n'kuika deta pangozi.

Matani kapepala ka serial pa khomo lililonse. Sungani fayilo yatsopano ya examine pamalo amene si seva yomweyo. Popeza bwana akadali ndi mantha a sabata ino, ino ndi nthawi yopempha ndalama za zinthu ziwiri: disiki ya sipeya yokhala m'kabati, ndi backup imene ili kunja kwa nyumbayo, chifukwa fayilo yofufutidwa molakwika, ransomware, moto kapena mphezi zimagwira madisiki onse a mu array nthawi imodzi. Disiki yakufayo musaitaye m'bini ili ndi deta ya anthu. Onani kaye ngati ikadali pa waranti polemba serial yake pa tsamba la kampani imene inaipanga, ndipo ngati yatha, iboole ndi drilo musanaitaye.